Makina osauka amene analera akatswiri

Sir Clive Sinclair, mwini kampani imene inkapanga makompyuta a pakhomo, atamwalira ku London mu September 2021 ali ndi zaka 81, mauthenga achipepeso sanachokere kwa abale ndi anzake okha. Anachokeranso kwa anthu ankhaninkhani amene sanamuonepo maso ndi maso, ambiri a iwo azibambo ndi azimayi oyamba kumera imvi, ndipo onse ankakamba za chinthu chimodzi: kabokosi kapulasitiki kamene makolo awo anawagulira zaka 40 zapitazo. Ngakhale Satya Nadella, mkulu wa kampani ya Microsoft, ananena kuti kompyuta yake yoyamba inali ZX80 ya Sinclair, ndipo ndi imene inamuyambitsa kukonda uinjiniya. Chodabwitsa n'chakuti makina amene anthuwa amawakumbukira mwachikondi chotere anali ofooka kwabasi, ochedwa, komanso okonda kufa pakati pa ntchito. Palibe amene amasimba za firiji yoyamba ya makolo ake mpaka maso kulengeza misozi. Nanga kompyuta yoyamba pakhomo ili ndi chiyani? Yankho langa ndi lakuti makina amenewa ankamusandutsa mwana kukhala wolamula, pomwe zipangizo zambiri za lero zimamusiya ali woonerera. Zikumbukiro za anthuwa ndi umboni wa mmene luso limamerera, ndipo tikaziwerenga bwino zingatithandize kuganiza mwanzeru za zimene tikupatsa ana athu.

Tiyambe ndi kuona usiwa wa makinawo. ZX81, imene inatuluka mu March 1981, inkagulitsidwa pa mapaundi 69.95 ikakhala yomangidwa kale, kapena mapaundi 49.95 kwa munthu wofuna kuwotcherera yekha tizigawo take. Inalibe sikirini yakeyake, choncho ankayilumikiza ku TV ya pabalaza, ndipo nthawi ya nkhani ikakwana mwana ankayenera kuzula mawaya kuti akuluakulu aonere. Inkaonetsa zakuda ndi zoyera basi, ndipo sinkatulutsa mawu. Memore yake inali kilobaiti imodzi, malo okwana zilembo 1,024 zokha, osakwana kusunga ndime ino yonse. Amene ankafuna malo ochuluka ankagula kabokosi ka makilobaiti 16 kolowetsa kumbuyo, koma kakangogwedezeka pang'ono ntchito ya madzulo onse inkafufutika. Mu April 1982 kunabwera ZX Spectrum ya mabatani arabala, yoonetsa mitundu, pa mapaundi 125 kapena 175 kutengera memore, ndipo chaka chomwecho ku America kunatuluka Commodore 64 pa madola 595. Mapulogalamu ankasungidwa pa kaseti wamba, yomwe ija yojambulirapo nyimbo. Kuti gemu ilowe m'kompyuta, mwana ankadikira mphindi zinayi kapena zisanu akumva kulira kobaya m'makutu, ndipo tepi ikakhala yotha kapena voliyumu ikalakwika, ankabweza kaseti n'kuyambiranso. Ngakhale zinali choncho, ZX81 inagulidwa yoposa 1.5 miliyoni, Spectrum pafupifupi 5 miliyoni, ndipo Commodore 64 inaposa 12 miliyoni.

Chinsinsi chili pa zimene zinkachitika munthu akangoyatsa makinawo. Pa Commodore 64 pankaoneka mawu ochepa, kenako liwu lakuti READY, ndi kachizindikiro kophethira pansi pake. Basi. Panalibe zithunzi zoti udine kapena nyimbo yoyamba kulira yokha. Kompyuta inkangokhala duu, kudikira kuti mwini wake ailamule m'chinenero cha BASIC, chimene John Kemeny ndi Thomas Kurtz anachikonza mu 1964 pa Dartmouth College n'cholinga chakuti ophunzira wamba azitha kulemba mapulogalamu. Buku limene linkabwera m'katoni ya ZX81 kapena Spectrum linali maphunziro athunthu a kalembedwe ka mapulogalamu, mutu ndi mutu. Magazini monga Sinclair User ndi Your Computer ankasindikiza mapulogalamu amasamba angapo, ndipo ana ankawakopera pamanja, mzere ndi mzere, chilembo ndi chilembo. Chilembo chimodzi chikaphonyeka, pulogalamu inkakana kuyenda, ndipo nthawi zina cholakwacho chinkachokera kwa osindikiza magaziniwo. Apa mpamene maphunziro enieni ankayambira, chifukwa kuti mwana apeze pamene palakwika ankayenera kumvetsa chimene mzere uliwonse ukuchita. Akamvetsa, ankayamba kusintha: kuonjezera liwiro, kusintha mtundu, kuikamo dzina lake. Mwana wazaka khumi ankazindikira kuti gemu si matsenga ochokera kufakitale, ndi malamulo olembedwa ndi munthu, ndipo iyenso angathe kuwalemba.

Kuchepa kwa memore nakonso kunali mphunzitsi. David Horne analemba pulogalamu ya masewera a chess imene inkakwana mu ZX81 ya kilobaiti imodzi, pogwiritsa ntchito mabaiti 672 okha. Mu 1984, David Braben ndi Ian Bell, ophunzira awiri a pa yunivesite ya Cambridge, anatulutsa gemu ya Elite ya pa kompyuta ya BBC Micro, momwe wosewera ankayenda m'mlengalenga pakati pa maiko oposa 2,000. Maikowo sakanakwana m'makina a makilobaiti 32, choncho anyamatawo anapeza njira ya masamu yakuti kompyuta izipanga dzina ndi mbiri ya dziko lililonse nthawi yomwe likufunika. Aliyense amene anakulira kwathu kuno amadziwa kusiyana kwa mwana wopanga galimoto yamawaya ndi mwana wogulidwa galimoto yapulasitiki ya m'sitolo. Wogulidwayo ali ndi choseweretsa chokongola, koma tayala likathyoka amalira n'kuchitaya. Wamawaya uja amadziwa chifukwa chimene chiwongolero chimakhotetsera matayala, popeza anachipinda yekha, ndipo chikathyoka amakhala pansi n'kukonza. Makompyuta oyambawa anali ngati galimoto yamawaya ija. Anali aang'ono mokwanira kuti mutu wa mwana mmodzi uwamvetse kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Zipatso zake n'zooneka ndipo zili ndi maina. Mumzinda wa Dundee ku Scotland munali fakitale ya Timex imene inkamanga ZX81 ndi Spectrum. David Jones, yemwe anagwirapo ntchito pafakitaleyo ali mnyamata, anayambitsa kampani ya DMA Design imene inatulutsa Lemmings mu 1991 ndi Grand Theft Auto mu 1997. Richard ndi David Darling, pachibale pawo, anayamba kugulitsa magemu awo akadali pasukulu asanatsegule kampani ya Codemasters mu 1986. Ku Helsinki, Linus Torvalds anaphunzirira pa kompyuta ya VIC-20 ya agogo ake, kenako anagula Sinclair QL, ndipo mu 1991 anayamba kulemba Linux, imene lero ndi maziko a Android. Kampani ya Acorn ya ku Cambridge, imene inkapanga BBC Micro, itafuna purosesa yamphamvu ya makina ake otsatira, Sophie Wilson ndi Steve Furber anatsogolera ntchito yokonza yawoyawo, ndipo mu 1985 purosesa yoyamba ya ARM inagwira ntchito. Pafupifupi foni iliyonse yamakono lero ili ndi purosesa ya mtundu umenewu. Ndiye kuti mayi wogulitsa tomato ku Limbe akamalandira ndalama pafoni ya Android, m'dzanja lake muli zinthu ziwiri zimene mizu yake ili m'makompyuta a pabalaza a zaka za m'ma 1980.

Komabe tisaganize kuti zonsezi zinangochitika mwamwayi, kapena kuti makina okha ndiwo anachita. Ku Britain kunali dongosolo. Wailesi ya BBC inakhazikitsa ntchito yophunzitsa anthu za makompyuta, inasankha Acorn kuti ipange makina odziwika ndi dzina la BBC, ndipo kuyambira mu January 1982 inayamba kuonetsa pulogalamu ya pa TV yotchedwa The Computer Programme. Boma linkalipira theka la mtengo wa kompyuta imene sukulu yagula, mpaka sukulu zambiri za m'dzikomo zinakhala ndi BBC Micro. Panali mabuku otsika mtengo, makalabu a m'masukulu ndi m'matauni, komanso mabwalo amasewera kumene ana ankasinthana makaseti ndi nzeru. Mwana wokanika pa mzere wina ankapeza mnzake woti amufunse Lolemba m'mawa. Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa anthu akamakumbukira kompyuta yawo yoyamba amatchula dzina la makina, koma akafotokoza mozama amayamba kutchula anthu: mphunzitsi amene ankatsala nawo akaweruka, mkulu wawo amene anawaonetsa lamulo loyamba, mnzawo wa nyumba yoyandikana. Makinawo ankangotsegula khomo, koma amene ankalowetsa mwana anali anthu.

Wina anganene kuti zonsezi n'kulira ubwana basi. Munthu wazaka 50 amakumbukira chilichonse cha unyamata wake ngati chokoma, ndipo chimene akusowa ndi zaka zake zija, osati kabokosi karabala. M'mawu amenewa muli choonadi, koma pali umboni wina umene suchokera m'zikumbukiro. Chapakati pa zaka za m'ma 2000, Eben Upton ndi anzake a pa yunivesite ya Cambridge anaona kuti achinyamata ofuna kuphunzira sayansi ya makompyuta achepa, ndipo amene akubwerawo akudziwa zochepa poyerekeza ndi a zaka za m'ma 1990. Akalewo ankafika atalemba kale mapulogalamu kwa zaka zambiri kunyumba, pomwe atsopanowo ambiri anali atangopangako tsamba la pa intaneti. Izi zinkachitika nthawi imene nyumba za ku Britain zinali ndi makompyuta ambiri ndi amphamvu kuposa kale lonse. Chinasintha ndi mtundu wa makinawo: ena anali a magemu okha, otsekedwa, ndipo ena anali okwera mtengo, osungiramo makalata ndi zithunzi za banja, moti makolo sakanalola mwana kuwayesa zachilendo. Yankho la gululo, momwe munalinso David Braben wa Elite uja, linali Raspberry Pi, kompyuta yokwana m'dzanja imene inatuluka mu February 2012 pa madola 35. Anaitcha Model B potengera BBC Micro. Anthu ophunzira sangataye zaka zambiri pa ntchito yotere pongofuna kukumbukira ubwana. Anaona kuti chinthu chenicheni chatayika.

Chotsutsa chachiwiri n'champhamvu kuposa choyamba. Ana ambiri amene anagulidwa Spectrum kapena Commodore 64 sanakhale akatswiri. Makolo ankagula poganiza kuti makinawo athandiza pa homuweki, koma m'nyumba zambiri ankangogwira ntchito ya magemu, ndipo pa ana mamiliyoni aja, amene analemba mapulogalamu ooneka anali ochepa. Zimenezi n'zoona, ndipo amene amanena kuti mbadwo wonse unasanduka wa akatswiri akukokomeza. Koma funso si lakuti onse analowa kodi, funso ndi lakuti khomo linali pati. Pa Spectrum, ngakhale mwana wofuna gemu yokha ankayenera kulemba lamulo lakuti LOAD asanayatse kaseti. Wofuna kubera gemu kuti asamafe msanga ankakopera m'magazini malamulo a POKE, amene amasintha nambala m'kati mwa memore, ndipo potero ankakhudza m'mimba mwa makinawo asakudziwa kuti akuphunzira. Kuchoka pa kusewera kufika pa kupanga unali mtunda waufupi kwambiri. Dziko silifuna kuti mwana aliyense akhale wolemba mapulogalamu, monganso silifuna kuti aliyense akhale dokotala. Likufuna kuti mwana amene ali ndi mphatsoyo aizindikire msanga, popeza m'mera mpoyamba. Makina aja ankayesa mwana aliyense amene wawayatsa, ndipo ochepa amene anakopeka anakwanira kumanga makampani.

Chachitatu n'chokhudza chilungamo. Zikumbukirozi si za aliyense. Mapaundi 399, mtengo umene BBC Micro Model B inafikapo, sanali ndalama za banja losauka. Otsatsa malonda ankaonetsa kwambiri anyamata ndi abambo awo, ndipo ku America chiwerengero cha akazi pakati pa otenga digiri ya sayansi ya makompyuta chinafika pa 37 peresenti mu 1984 kenako n'kuyamba kutsika mpaka kutsala pafupifupi theka lake. Ofufuza ena amati chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti kompyuta ya pakhomo inkaikidwa m'chipinda cha mnyamata, ndipo atsikana ankafika kuyunivesite atatsala kale m'mbuyo. Ku Malawi nkhaniyi inatidutsa kutali, chifukwa makinawo ankafuna magetsi ndi TV, pomwe dziko lathu linayamba kuulutsa TV yakeyake mu 1999. Koma chotsutsachi, tikachiyang'anitsitsa, chikulimbitsa mfundo yathu. Ngati kupeza makina otere uli mwana kunalibe phindu, kusowa mwayiwo sikukanasiya mpata waukulu chotere pakati pa anyamata ndi atsikana. Ndiponso si maiko olemera okha amene anapeza njira. Ku Yugoslavia, kumene malamulo ankalepheretsa anthu wamba kuitanitsa makompyuta akunja, Voja Antonić anakonza kompyuta yotchedwa Galaksija mu 1983, ndipo magazini ina inasindikiza kamangidwe kake kuti aliyense adzimangire. Anthu pafupifupi 8,000 anaitanitsa zipangizo zake. Muulutsi Zoran Modli wa ku Belgrade ankaulutsa mapulogalamu pa wailesi, omvera n'kumajambula kulira kuja pa kaseti. Wailesi, kaseti ndi magazini zinakwanira kufalitsa luso.

Ena adzafunsa kuti bwanji tikudandaula pomwe foni ya m'thumba mwa mwana wa sekondale ili ndi mphamvu yoposa ZX81 kambirimbiri, ndipo pa intaneti pali maphunziro aulere a chilichonse. Mphamvu ilipodi, ndipo kwa Amalawi ambiri foni ndiyo kompyuta yoyamba. Koma taonani mmene foni imamulandirira mwini wake. Akaiyatsa, imamupatsa mavidiyo, mauthenga ndi magemu okonzedwa ndi akatswiri amene ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti maso ake asachoke pasikirini. M'katoni yake mulibe buku lophunzitsa kulemba pulogalamu. N'zotheka kulemba mapulogalamu pafoni, koma munthu ayenera kudziwa kale kuti zimenezi zilipo, azifunefune, agule bandulo, kenako alimbane ndi timabatani ta pagalasi. Khomo limene kale linali pamaso pa mwana aliyense tsopano labisika kuseri kwa zokopa zikwizikwi. Vuto si lakuti ana a lero ndi aulesi. Aliyense amene wadutsa pa mabenchi a anyamata okonza mafoni m'misika ya ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu waona achinyamata amene anadziphunzitsa okha kutsegula, kuwotcherera ndi kusintha mapulogalamu a m'foni. Njala yofuna kudziwa za m'kati ilipo. Chikusowa ndi makina ndi anthu oti aikhutitse mwana akadali wamng'ono.

Pali msampha wina umene tiyenera kuupewa, wakuti tingogawa makina basi nkhani yatha. Ntchito ya One Laptop per Child, imene Nicholas Negroponte anailengeza mu 2005, inayenda ndi chikhulupiriro chimenechi. Dziko la Peru linagula malaputopu oposa 800,000, koma kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 anapeza kuti ana a m'sukulu zakumidzi zimene zinalandira makinawo sanakhoze bwino masamu ndi chinenero kuposa anzawo. Makina anafika, koma aphunzitsi ambiri sanakonzekeretsedwe mokwanira. Izi zikutibwezera ku zimene zinachitika ku Britain ndi ku Yugoslavia, kumene makina ankayendera limodzi ndi buku, wailesi, mphunzitsi ndi kalabu. Kwathu kuno matabuleti ayamba kulowa m'sukulu zapulaimale kuti athandize ana kuwerenga ndi kuwerengera, ndipo imeneyo ndi ntchito yabwino, koma cholinga chake n'china. Pa tabuleti yotere makina ndiwo amafunsa, mwana n'kumayankha. Tikufunanso malo amene mwana ndiye amalamula, makina n'kumamvera. Kalembera wa mu 2018 anaonetsa kuti ndi banja limodzi lokha pa mabanja pafupifupi khumi limene linkaunikira ndi magetsi, choncho kwa ana ambiri malo amenewo sangakhale pabalaza. Ayenera kukhala kusukulu, kulaibulale, kutchalitchi kapena kumzikiti, kumene sola imodzi ingathandize ana ambiri.

Zofunika si zodula monga ambiri amaganizira. Laputopu yakale imene ofesi yataya imatha kuyendetsa Linux, Python ndi Scratch, zonse zaulere ndipo zikalowetsedwa sizifunanso intaneti. Raspberry Pi imalumikizidwa ku TV ndipo imadya moto wochepa. Chovuta kwambiri ndi kusintha maganizo a akuluakulu. M'sukulu zambiri chipinda cha makompyuta chimakhala chokhoma, makina atafunditsidwa nsalu, ndipo ana amaphunzira maina a zigawo za kompyuta pabolodi kuti akalembe mayeso. Mphunzitsi amaopa kuti china chikaonongeka adzafunsidwa iyeyo. Koma kompyuta imene mwana saloledwa kuilakwitsa singamuphunzitse kanthu, ndipo imene yasungidwa bwino m'nsalu imatha ntchito ndi ukalamba popanda kupindulira aliyense.

Choncho kwa makolo amene angakwanitse, mukamagulira mwana chipangizo choyamba, musangofunsa za kukula kwa kamera ndi memore. Funsani ngati mwanayo angapangirepo chinthu chakechake, ndipo mtsikana apatsidwe nthawi yofanana ndi mlongo wake. Kwa aphunzitsi aakulu, tsegulani chipinda chija masana ana akaweruka, ndipo patulani makina awiri kapena atatu oti ana aziyesa, kuononga ndi kukonza popanda chilango. Kwa makampani ndi maofesi, makompyuta amene mwasiya kugwiritsa ntchito apite kusukulu limodzi ndi wantchito wanu mmodzi woti aziphunzitsa Loweruka. Ndipo kwa mawailesi athu, amene amafika kumudzi kumene intaneti siinafike, pulogalamu ya mlungu ndi mlungu yophunzitsa ana kulemba mapulogalamu m'Chichewa ndi yotheka. Anzathu anachita zimenezi ndi kilobaiti imodzi ndi kaseti. Ife tili ndi zipangizo zoposa pamenepo, ndipo tikalephera tisadzanamizire umphawi.